Ndine woonda ngati bango koma magazi anga ndi odzadza mafuta

Achimwene anga anamwalira ali ndi zaka 44, Loweruka m'mawa, akutsuka galimoto panja pa nyumba yawo ku Chilomoni. Sanagonepo m'chipatala olo tsiku limodzi. Alamu akuti anangomva ndowa ikugubuduka, potuluka anapeza munthu ali pansi wagwira pachifuwa thukuta lili kamukamu, pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale. Bambo athu anapitanso chimodzimodzi ine ndili Fomu 2, iwo ali ndi zaka 49, anagwa panjira akuchokera kumunda kwathu ku Chiradzulu. Nde mukudziwa kale zimene zinayankhulidwa pasiwa. Amuna awiri a nyumba imodzi kungogwa osadwala, anthu anati apa pali dzanja la munthu, ndipo chala chinaloza azakhali, alongo awo a bambo, gogo woti amangodzikhalira yekha kumudzi. Sanaloledwe olo kukhala pafupi ndi bokosi. Ine sindinanene kanthu tsiku limenelo, ndipo kukhala chete kwangako kumandiwawa mpaka lero.

Panthawiyo ndinali ndi zaka 38. Amene amandidziwa akudziwa kuti ndine munthu woti lamba ndimachita kuboola mabowo ena, kuntchito ku Ginnery Corner masiku ambiri ndimapita wapansi, mowa ndi wa apo ndi apo. Za cholesterol, mafuta a m'magazi aja, ndinkazimva ndithu koma ndinkati amenewo ndi matenda a mabwana a mimba zazikulu odya soseji ku Namiwawa, osati ife a usipa ndi mgaiwa.

Patapita miyezi ingapo ndinayamba kumva ngati chinachake chikundifinya pachifuwa ndikamakwera mtunda mothamanga. Ndinapita pa kiliniki ina, sinditchula dzina, anandiyeza BP ili bwino, shuga ali bwino, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nkunena kuti bambo inu ndi thupi limeneli mtima ungavute bwanji, ndi maganizo a maliro awa, kapumeni. Anandipatsa mapanado. Ndinabwerera kunyumba wosangalala, chifukwa ndi zimene ndinkafuna kumva. Madamu ndi amene sanakhutire, anati bambo a ana, achimwene anu aja ankadandaula chilungulira mwezi wonse asanagwe, mwaiwala? Zoona ndinali nditaiwala, ankangomwa soda nkumati ndi nyemba.

Dokotala wachiwiri anali mayi wachitsikana ndithu, ndipo chimene chinandidabwitsa nchoti asanandigwire nkomwe anatenga pepala nkuyamba kujambula mtundu wathu, bambo anamwalira ndi zaka zingati, anadwala chiyani, agogo aamuna bwanji, muli angati m'mimba mwanu. Kenako anati vulani nsapato. Ine ndinadabwa kuti chifuwa ndi nsapato zikugwirizana pati. Anagwira mtsempha uja wa kumbuyo kwa chidendene, miyendo yonse iwiri, nkufunsa kuti zotupa zolimbazi zinayamba liti. Ndinaseka, ndinati adokotala izi nzakwathu, achimwene anali nazo, bambonso anali nazo, nsapato zimatiluma kumbuyo tonse, ine ndinkati ndi zipsera za mpira wa pafumbi. Iwo sanaseke. Ananditumiza ku labu kukayezetsa magazi, pepalalo analemba lipid profile, kutanthauza kuyeza mafuta a m'magazi, komanso ECG ndi zina zoona mtima.

Zotsatira zinabwera kuti cholesterol yense 9.8, ndipo LDL, amene amati mafuta oipa aja, 7.9. Manambala amenewa ali mu mmol/L, ndikunena dala chifukwa mukapita pa intaneti mupeza a ku America akulemba 190, 300, iwo amayeza mu mg/dL nde musasokonezeke. Anandiuza kuti munthu wamkulu LDL ikangodutsa 4.9 madokotala amayamba kukayikira kuti mwina nzakumtundu, makamaka ngati pali wachibale amene mtima unamuvuta akadali wamng'ono. Anayezanso chithokomiro ndi impso, chifukwa nazonso zikamavuta zimakweza mafutawa, koma zonse zinali bwinobwino. Nde anati matenda anu dzina lake ndi familial hypercholesterolaemia, mwachidule FH, munabadwa nawo, ali m'majini.

Apa ndiye panali nkhani kkkk. Madzulo ndinawaimbira mayi kumudzi nkuwauza kuti adokotala akuti vuto ndi majini. Mayi anakuwa kuti ndinanena ine! ndinanena kuti mwana wanga anachita kumutumizira! Zinanditengera mayunitsi a foni osayamba kuwafotokozera kuti si majini a ziwanda aja ayi, awa ndi malangizo amene amakhala m'thupi, amene mwana amatengera theka kwa bambo theka kwa mayi, omwe aja amapangitsa kuti mphuno yanga ikhale ya bambo. Kuyambira tsiku limenelo ndikamayankhula ndi akuluakulu ndimangoti matenda akumtundu, mawu akuti majini ndinawasiya.

Mmene ndinazimvera ine, ndipo ndakhala ndikuwerenga kwambiri chichokereni tsiku lija, zili chonchi. Cholesterol si poizoni, thupi limamufuna, ndipo wambiri sachokera m'mbale ayi, thupi limapanga lokha makamaka chiwindi. Amayenda m'magazi atapakiridwa m'timapaketi, ndipo LDL ndi imodzi mwa timapaketi timeneto. Chiwindi chomwecho chili ndi tinthu pamwamba pake totchedwa ma LDL receptor, ntchito yake kukoka LDL kumuchotsa m'magazi. Ganizirani siteji ya ku Limbe madzulo, anthu ndi LDL, maminibasi ndi ma receptor. Maminibasi akakhala okwanira siteji imayera. Koma nthawi ija mafuta akasowa pa filing'i theka la maminibasi lili pamzere, anthu amangounjikana mpaka kutsekereza msewu. Ineyo ndinabadwa theka la maminibasi anga ali pa mwala. Jini imene imapanga ma receptor imatchedwa LDLR, aliyense ali nazo ziwiri, ya kwa bambo ndi ya kwa mayi, nde imodzi ikakhala yolakwika basi, LDL imakhala pafupifupi kawiri ya anzako kuyambira uli khanda. Zaka zonsezo mafutawo amakhala akulowa m'makoma a mitsempha ya magazi, njira nkumachepa, tsiku lina chotupacho chimaphulika magazi nkuundana pomwepo, mbali ya mtima nkusowa magazi. Ena amakaunjikana m'mitsempha ya kuchidendene ija ndi pa mfundo za zala, ena pa zikope ngati timadontho tachikasu, ndipo ena amapanga kamkombero koyera kuzungulira kadiso kakuda munthu asanafike zaka 45.

Ma receptor amenewa anawatulukira ndi madokotala awiri a ku Dallas, Michael Brown ndi Joseph Goldstein, pofufuza matenda omwewa, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1985. Anthu ambiri a FH vuto limakhala pa LDLR, koma pali majini ena awiri. APOB ndi imene imapanga chogwirira cha pa LDL, ikalakwika zili ngati pasenjala amene kondakitala sakumuzindikira, minibasi ilipo koma sakwera. Ina ndi PCSK9, iyi imapanga puloteni imene imaphwanya ma receptor, tinene kuti ndi uja wolanda makiyi a maminibasi, ikakhala yolusa mopitirira siteji imadzadzanso.

Chimene chinandiwawa nditamva nchoti si matenda osowa. Padziko lonse ndi munthu mmodzi pa anthu pafupifupi 250, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa. Werengani nokha anthu amene amadzadza pa Kamuzu Stadium tsiku la Bullets ndi Wanderers. Ku South Africa pakati pa ma Afrikaner nkoposa pamenepo, pafupifupi mmodzi pa 100 kapenanso kuposa, chifukwa anachokera kwa makolo ochepa amene ena mwa iwo anali ndi jiniyi. Mwamuna wa FH akapanda kulandira mankhwala, pafupifupi theka amakhala atadwala mtima pofika zaka 50, amayi zimachedwerako, pafupifupi atatu pa khumi pofika zaka 60. Bambo 49, achimwene 44. Nditaona manambala amenewa ndinakhala pa benchi panja pa chipatala mwina ola lathunthu osadziwa kuti ndikwere minibasi yopita kuti.

Koma majini sikuti onse ndi otipweteka, ndipo iyi ndi mbali imene imandisangalatsa. PCSK9 yomweyo kwa anthu ena inabadwa yofooka, sigwira ntchito, nde ma receptor awo amachuluka magazi nkumayera. Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen, a ku Dallas komweko, anaipeza mwa anthu akuda a ku America, pafupifupi awiri pa 100 aliwonse, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2006 anaonetsa kuti LDL yawo inali yotsika ndi 28 peresenti koma matenda a mitsempha ya mtima anali otsika ndi 88 peresenti, chifukwa choti ndi yotsika moyo wonse. Jini yofookayi inapezekanso pafupi pompa ku Zimbabwe mwa amayi a kusikelo, ndipo mmodzi amene anatengera mbali zonse ziwiri LDL yake inali 0.4 yokha, ali bwinobwino. Kuntchito kuli mnzanga wina wodya kanyenya ndi mang'ina ngati walumbira, ine nditamukakamiza kukayezetsa anabwera ndi LDL ya 1.9 akundiseka. Kaya ali ndi jini imeneyo kaya ndi mwayi chabe, koma ndinamuuza kuti aise usanyade, BP ndi shuga sizifunsa zimenezo.

Tsopano kupusa kwanga, ndikuuzeni kuti musabwereze. Adokotala anandilembera atorvastatin tsiku lomwelo koma ine sindinagule. Ndinati munthu wa zaka 38 kumwa mapilisi tsiku ndi tsiku mpaka imfa, ayi, ndithana nazo ndekha. Miyezi itatu ndinasiya chiwaya, mandasi, majarini, nyama ya nkhumba, ndinkamwa madzi a adyo ndi mandimu m'mawa uliwonse mpaka ana kumandithawa, chamwamba ndinkathira ndi m'phala momwe, Loweruka kukwera phiri la Soche. Ndinaonda munthu woonda kale, anthu kumpingo anayamba kunong'onezana. Kukayezetsa, 7.9 ija yafika 7.3. Adokotala anangoti mwayesetsa, koma simungakonze minibasi yopanda injini pochepetsa mapasenjala awiri. Fanizo la siteji lija ndinali nditawauza ndine, anandibwezera lomwelo.

Ndinayamba mankhwala. Ma statin, gulu la mankhwala limene muli atorvastatin uja, amachepetsa cholesterol amene chiwindi chimapanga, nde chiwindi chikaona kuti chaperewera chimatulutsa ma receptor ambiri kuti chikatenge wa m'magazi, jini yabwino ija ya kwa mayi imagwira ntchito ya awiri. Woyamba kupeza mankhwala a mtundu umenewu anali Akira Endo wa ku Japan m'zaka za m'ma 1970, anawapeza mu nkhungu, nde amene mumati mankhwala achizungu si achilengedwe imvani pamenepo. Titakweza mlingo LDL inatsika kufika 4.1, kenako anawonjezera ezetimibe amene amatchinga cholesterol m'matumbo kuti asalowe, pano ndili pa 3.0 ndipo akuti tikufunabe itsike. Kulinso majakisoni otseka PCSK9 amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2015, nzeru yake inachokera kwa anthu a jini yofooka aja, koma mtengo wake si wa thumba langa. Kufinya kwa pachifuwa kuja anakufufuza, anandipatsa mankhwala ena owonjezera, ndipo ndimapita kukaonedwa pa masiku amene anandiikira.

Kupusa kwachiwiri, nambala itatsika ndinasiya kumwa miyezi iwiri, Januwale uja wa fizi mukumudziwa, ndinati ndachira. Inabwerera pa 7 ngati sindinamwepo kanthu. Mankhwalawa sachiza jini, amangoigwira manja, ukawasiya imayambiranso. Pano ndalama ya mapilisi ndimaichotsa tsiku la malipiro limodzi ndi ya lendi, ndipo ndinaphunzira kufunsa mitengo m'mafamase angapo chifukwa imasiyana kwambiri, mtauni ndi ku Limbe si chimodzimodzi. Sabata zoyamba ndinkamva kuphwanya m'ntchafu pang'ono kenako kunatha, koma akuti minofu ikamapweteka kwambiri kapena mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, thamangani kuchipatala. Ndipo amene muli pa ma ARV muwauze adokotala mtundu wake musanayambe, chifukwa ena sagwirizana ndi ma statin ena makamaka simvastatin, osachita manyazi pamenepo. Zakudya sindinabwerere kwakale, nyemba, nsomba, nkhwani wotendera, mapeyala nyengo yake, nyama ya mafuta mwa kamodzikamodzi, ndipo ndudu imene ndinkasuta ndikamwa ndinaitaya, FH ndi fodya ndi petulo ndi machesi.

Ntchito yovuta kuposa mapilisi inali ya abale. Kholo likakhala ndi FH mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka kutengera, ngati kuponya ndalama m'mwamba, ndipo sizisankha mwamuna kapena mkazi. Tatsala anayi. Achemwali aakulu, amene ndi onenepa ndipo tonse tinkati ngati pali wodwala ndi iwowo, anapezeka ali bwinobwino, anavina pa labu pomwepo. Mng'ono wanga wa ku Bangwe mpaka lero akukana, akuti bola osadziwa, ndimamuimbira mwezi uliwonse ndipo mwezi uliwonse amandiuza kuti ali bize. Chitsiriza chathu, mtsikana woonda ngati ine, LDL 6.8. Iyeyo anali atangokwatiwa kumene akufuna mwana, nde anamuuza kuti ma statin samwa munthu woyembekezera kapena woyamwitsa, ndipo amayenera kusiya asanatenge pakati, zonse mokambirana ndi adokotala, osangosiya kapena kuyamba pawekha. Anayezanso mwamuna wake, chifukwa onse awiri akakhala nayo mwana atha kutengera mbali zonse, ndipo mtundu umenewo ngoopsa zedi, mtima umatha kuvuta mwana asanamalize sukulu. Mwamwayi alamuwo alibe.

Ana anga awiri ndinawatenga ndekha. Wamwamuna ali bwino. Wamkazi, wa zaka 9, LDL 5.2, pomwe kwa mwana ikadutsa 4 amayamba kale kukayikira. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangoti mwanayu ndamupatsa ndine. Madamu anandidzudzula kuti nanga bambo anu munawaimba mlandu? Ana otere amayamba mankhwala ali ndi zaka 8 mpaka 10, ndipo amene ayamba msanga mitsempha yawo imakhala isanaonongeke, mwayi umene ine ndi achimwene sitinaupeze. Pano timamwa limodzi madzulo, iye ndi amene amandikumbutsa. Ana atatu a malemu achimwene tinawayezetsanso, mmodzi ali nayo.

Zoyeza jini yeniyeniyo ine sindinapange, nzodula, ndipo adokotala anati ndi nambala yanga, zidendene zanga ndi maliro awiri aja palibe chodikira. Anatchulapo za mafuta ena otchedwa Lp(a), amenenso amayendera kumtundu ndipo amakonda kukhala okwera mwa ife anthu akuda, sasintha kwenikweni ndi zakudya ndipo kuyeza kamodzi pa moyo nkokwanira, amenewo ndikusungira ndalama. Koma lipid profile wamba ndi magazi ochepa chabe a pamkono, mukapita muitchule dzina ndipo munene za abale amene anagwa mwadzidzidzi, bambo kapena mchimwene asanafike 55, mayi kapena mchemwali asanafike 60, osadikira kuti akufunseni chifukwa pamzere wautali uja si onse amene amafunsa. Ndipo chifuwa chikamafinya ngati wina wakukhalira, ululu nkumapita kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, thukuta ndi befu, chimenecho si chilungulira cha nyemba, pezani galimoto nthawi yomweyo.

Panatsala mbali imodzi imene ndinkaizengereza. Kwathu ndi kwa chikamwini, mbumba timawerengera kwa mayi, malume ndiye mwini wake, abale a bambo timangoonana pamaliro. Koma magazi sadziwa zimenezo, jiniyi inabwera ndi bambo, kutanthauza kuti amene ali pangozi ndi ana a abale awo, anthu oti ena manambala awo a foni ndinalibe. Ndipo woti andilozere onsewo analipo mmodzi yekha, azakhali aja.

Ndinapita mwezi wa June, kukuzizira, ndinanyamula shuga, sopo ndi chitenje. Ndinawapeza akuwothera dzuwa pakhonde, anandiyang'ana nthawi yaitali nkunena kuti mwabwera kudzandimaliza? Ndinagwada, ndinati ayi azakhali, ndabwera kudzapepesa komanso ndili ndi nkhani. Ndikufotokoza choncho maso anga anali pa nkhope yawo, chifukwa pa zikope zonse ziwiri, chakumphuno, panali timadontho tachikasu tija ndinkangotiona pa zithunzi. Ndinawapempha kuti ndigwire kumbuyo kwa phazi lawo, anaseka kuti mwana uyu wapenga, koma anatambasula mwendo. Chotupa chake cholimba ngati changa. Anati bambo awo, agogo anga amene sindinawaone, analinso nazo, ndipo anagwa pa msika asanamere imvi.

Anayamba kutchula ana a alongo awo mmodzimmodzi, wina ali ku Ndirande, awiri ku Joni, wina ku Luchenza, ine ndikulemba kuseri kwa pepala la ku labu lija mpaka linadzadza, tinafika mayina 14. Pochoka anandigwira dzanja nkufunsa kuti kodi mayi ako wawauza zimenezi? Ndinati eya ndinawauza. Anati chabwino, ukawauzenso kachiwiri, ine ndili pomwepo. Mpaka pano pa 14 paja ayezetsa asanu, awiri apezeka nayo, ndipo azakhali ndikukawatenga Lachiwiri likubwerali kuti adzaonane ndi adokotala anga, akuti adzagona kwathu koma nsima yake ikhale ya ufa woyera, mgaiwa wangawo ndidye ndekha.